Mafoni atatsekeredwa m'kabati: lipoti la nkhani ya pa kampani yogulitsa zipangizo za ulimi

Kampani imene ikukambidwa mu lipotili imapikulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ili ndi madepoti m'maboma angapo a m'chigawo chapakati. Dzina lake sindilitchula, ngakhalenso mayina a anthu ogwira ntchito kumeneko. Ine ntchito yanga ndi yolangiza makampani pa kayendetsedwe ka anthu apantchito, ndipo anandiitana kumayambiriro kwa chaka cha 2024, alimi ali kalikiliki kusaka feteleza wobereketsa.

Dandaulo la abwana aakulu linali lalifupi. "Amayi, anthu anga akudya malipiro aulere. Tsiku lonse mitu ili m'mafoni. Ndilembereni lamulo loti wopezeka pa Facebook azichoka ntchito pompo."

Zolakwika zinalipodi, abwanawo sankanama. Mainvoisi ankatuluka ndi mitengo yakale. Lole ina inanyamula matumba a urea kupita nawo kudepoti komwe ankafuna NPK, n'kubwerera nawo, dizilo n'kupsa pachabe. Lipoti la katundu wotsala m'nyumba zosungira linkachedwa mwezi uliwonse. Makasitomala, amene ambiri ndi eni mashopu a zipangizo za ulimi m'misika ya kumidzi, ankadandaula kuti sakuyankhidwa. Chimene chinalibe umboni ndi choti masamba a mchezo ndiwo ankabala zonsezi, ndipo ndicho ndinapempha kuti ndiyambe ndafufuza ndisanalembe lamulo lililonse.

Lamulo la kabati

Ndisanafike, abwana anali atayesa kale mankhwala awoawo. Analamula kuti aliyense akafika m'mawa azisiya foni kwa mlembi, amene ankazitsekera m'kabati yachitsulo mpaka nthawi ya nkhomaliro. Wopezeka ndi foni padesiki ankadulidwa ndalama pa malipiro a mwezi umenewo.

Lamuloli silinakhalitse. Anthu anayamba kubwera ndi mafoni awiri: kafoni kakale ka mabatani ankakapereka kwa mlembi, yeniyeniyo ili m'thumba, ndipo maulendo a kuchimbudzi anachuluka. Koma chimene chinaligwetsa ndi malonda. Mwini shopu wa ku Mitundu kapena ku Nkhamenya salemba kalata pofuna feteleza. Amatumiza uthenga pa WhatsApp kwa wogulitsa amene amamudziwa, akalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki amajambula umboni wa malipirowo n'kutumiza pa nambala yomweyo. Nambalayo inali ya munthu, osati ya kampani. Choncho m'mawa wonse maoda ankalira m'kabati, ndipo kasitomala wosayankhidwa m'nyengo ya mvula sadikira, amapita kwina. Madalaivala nawo akafa ndi galimoto panjira ankasowa wouza.

Kenako mayi wina wa mu ofesi ya akaunti anamva masana kuti mwana wake anadwala kusukulu m'mawa, aphunzitsi anaimba osayankhidwa. Mwanayo anachira, koma kuyambira tsikulo ogwira ntchito ndi abwana anasiya kuonana ndi diso labwino. Nditafika ndinapeza ofesi ya anthu ongoyankha kuti "chabwino bwana" kenako n'kuchita zawo.

Choyamba chimene ndinauza abwana ndi choti asiye kudula malipiro ndipo abweze zimene anadula. Gawo 56 la lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limalola olemba ntchito kupereka kalata yochenjeza, kuimitsa munthu kwakanthawi kapena kumutsitsa paudindo pakakhala chifukwa chomveka, koma limaletsa kulipiritsa chindapusa. Anavomera monyinyirika, koma anabweza.

Mmene ndinafufuzira

Sindinagwire foni ya munthu aliyense. Ndinakhala m'maofesi ndi kudepoti imodzi n'kumaona mmene ntchito ikuyendera. Ndinapempha aliyense asunge kapepala, osalembapo dzina, ndipo nthawi iliyonse imene watola foni alembe mwachidule chomwe chamutoletsa ndi amene wamufuna. Amene anafuna ndinawasonyeza poonera, m'foni mwawo momwemo, nthawi imene pulogalamu iliyonse yawadyera pa tsiku. Mafoni ambiri a Android ali ndi mbali imeneyi yotchedwa Digital Wellbeing, ndipo a iPhone ali ndi Screen Time. Zimene anaona anandiuza okha mwa kufuna kwawo. Pomaliza ndinapempha kulowetsedwa m'magulu a WhatsApp a kampani yomwe, ndipo ndinawerenga mauthenga a m'nyengo yonse yogulitsa.

Zimene ndinapeza

Timapepalato titasonkhanitsidwa, zinaoneka kuti zotoletsa anthu mafoni zinkachokera mbali zitatu, ndipo yaikulu kwambiri inali kampani yeniyeniyo.

Panali gulu la ogwira ntchito onse, gulu la ogulitsa, la madalaivala, la oyang'anira madepoti, la zachisoni ndi zaukwati, ndi timagulu tina totsegulidwa chifukwa cha oda imodzi n'kuiwalika osatsekedwa. Kalaliki mmodzi ankapezeka pafupifupi m'magulu onsewa. M'gulu la onse, uthenga wonena za kusintha kwa mtengo wa urea unkagona pakati pa vesi la m'mawa, zithunzi za tsiku lobadwa la mnzawo ndi mkangano wa mpira wa Bullets ndi Wanderers. Chifukwa uthenga wofunika ndi wosafunika zinkalira mofanana, munthu sakanatha kusiya foni osaiona. Akaitola kuti aone ngati ndi abwana, n'kupeza kuti ndi za mpira, chala chinkapitirira chokha kukaona Status ya anzake, kenako Facebook. Anthu ambiri sankayamba ndi kufuna kusewera. Ankalowa pakhomo la ntchito n'kutulukira la mchezo, poti makomo onsewa ali m'foni imodzi.

Nkhani ya mitengo ndiyo inandionetsa poyera gwero la mainvoisi olakwika. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Feteleza amachokera kunja, kotero mitengo pakampanipo inkasintha pafupipafupi. Kusintha kulikonse abwana ankalemba papepala ndi cholembera, kujambula, n'kuponya pagulu. Mapepalawo analibe deti. M'foni ya kalaliki aliyense munali zithunzi zingapo zofanana maonekedwe koma zosiyana manambala, ndipo pofulumira ankatsegula chimene chayamba kuoneka. Lole ya urea ija nayo inachokera ku uthenga wa mawu umene woyang'anira depoti anajambulira pamphepo, injini ikulira, ndipo palibe anaulemba papepala kapena kufunsanso.

Abwana aakulu eni ake ankakonda mauthenga a mawu aataliatali, ena ankatumiza usiku anthu atagona. Akaona kuti timizere tiwiri tasanduka tabuluu koma yankho palibe, ankaimba kufunsa chifukwa chake. Ndiye kuti munthu yemweyo amene ankadzudzulidwa chifukwa chogwira foni ankadzudzulidwanso akachedwa kuiyankha. Bambo wina wa mu akaunti anandiuza motsitsa mawu kuti: "Amayi, tikaigwira tapalamula, tikaisiya tapalamulanso. Ife tichite ziti?"

Apa m'pamene kafukufuku wa akatswiri anandithandiza kufotokozera abwana. Gloria Mark wa ku University of California, Irvine, amene kwa zaka zambiri wakhala akuona mmene anthu a m'maofesi amagwirira ntchito, anapeza kuti munthu akadukizidwa pamatha kupita mphindi zoposa 20 asanabwerere pa ntchito imene anasiya, chifukwa amayamba wadutsa pa tintchito tina. Mu 2008 iye ndi anzake anapezanso kuti anthu odukizidwa amayesa kubweza nthawi pogwira ntchito mothamanga, koma amatero ali ndi nkhawa ndi kutopa kochuluka. Katswiri wina, Sophie Leroy, mu 2009, anasonyeza kuti munthu akachoka pa ntchito imene sanaimalize, mbali ina ya maganizo ake imatsalira komweko, ndiye yatsopanoyo amaigwira ndi mutu wosakwanira. Zili ngati mayi wophika nsima amene akuitanidwa pakhomo kaphindi kalikonse: nsimayo ipsa ndithu, koma ikhala ya mibulu. Kuyanjanitsa malisiti ndi sitetimenti ya kubanki kumafuna mutu wonse. Uthenga wa masekondi ochepa umaoneka ngati sunadye nthawi, koma munthu akabwerera waiwala mzere umene anali, ndipo zolakwika zimabadwira pomwepo.

Mbali yachiwiri inali ya kunyumba ndi ya geni. Malipiro pakampanipo anali asanakwere chigwereni kwacha, pomwe ufa, sopo, lendi ndi thiransipoti zinali zitakwera. Ambiri mu ofesimo anali ndi kogwira kena: wina nkhuku, wina zovala za kaunjika, wina mpunga wa Kilombero, ndipo shopu yawo inali Status ya pa WhatsApp. Kasitomala akafunsa mtengo 10 koloko m'mawa, amayankhidwa 10 koloko yomweyo. Onjezani gulu la banki m'khonde, la kumpingo, la makolo kusukulu, ndi la kumudzi lomwe limadzuka mwamphamvu kukagwa maliro. Ine sindiona kuti munthu wogulitsa nkhuku kuti mwezi uthe ndi waulesi. Koma sindinabisenso kwa iwo kuti ola limene agulitsira nkhuku padesiki ndi ola limene kampani yalipira kale, ndipo kuti zimenezi ziyenera kukhala ndi malire ogwirizana.

Mbali yachitatu, ya mchezo weniweni, inalipo ndithu: TikTok, Facebook, mavidiyo oseketsa. Inkachuluka masana, ndiponso magetsi akazima kapena netiweki ya kompyuta ikagwa, nthawi imene ntchito yaima kale. Kwa anthu ambiri inali yaing'ono poyerekeza ndi ziwiri zija. Kwa munthu mmodzi inali yaikulu kwambiri.

Nkhani ya kalaliki wa kudepoti

Mnyamatayu anali atagwira ntchito bwino kwa zaka zingapo popanda kalata yochenjeza. M'nyengo imeneyi anayamba kuchedwa, kusinza padesiki, ndipo buku lake la katundu linkasiyana ndi matumba a m'nyumba yosungira. Woyang'anira depoti tsiku lina anamulanda foni, n'kumukakamiza kuitsegula, n'kujambula zimene anaonamo: maola ambiri pa TikTok, ndi mauthenga a kubetcha mpira. Zithunzizo anaziponya pagulu la mabwana, ndipo kalata yomuchotsa ntchito inali italembedwa kale nditafika, ikungodikira siginecha.

Ndinaimitsa kalatayo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, gawo 57 la lamulo la ntchito limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso kuti ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akumuneneza. Mnyamatayu anali asanamvedwe. Nkhani ikanapita kubwalo loona milandu ya anthu apantchito, kampani ndiyo ikanayenera kusonyeza chifukwa ndi kutsimikiza kuti inachita mwachilungamo. Chachiwiri, foni inali yake. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo katundu wake ndi mauthenga ake a pa lamya. Udindo wa woyang'anira sumupatsa mphamvu yofufuza m'foni ya wantchito, ndipo kufalitsa zithunzizo pagulu kunaonjezera kulakwa. Ndinapempha kuti zifufutidwe ndipo zisatchulidwe pamlandu.

Panalibe chifukwa chozifunira. Kuchedwa kunalembedwa m'buku la pageti, ndipo kusiyana kwa matumba kunali m'mabuku a kampani. Pa zimenezi zokha tinamulembera kalata yomuitanira kumsonkhano womva mbali yake, tinamupatsa masiku okonzekera, ndipo anabwera ndi mnzake wapantchito womuperekeza.

Pamsonkhanopo anafotokoza yekha, osafunsidwa za foni. Anayamba kubetcha pofuna kupeza ndalama ya fizi ya mng'ono wake. Atadyedwa anakongola kwa akatapila. Usiku tulo sankalipeza, ankangoyang'ana mavidiyo mpaka tambala kulira, ndipo masana mutu unali pa zotsatira za mpira ndi pa mauthenga a omukongoza. Titawerenga matumba mosamala, panalibe thumba lobedwa. Anali atasiya kulemba katundu wotuluka nthawi yomweyo, n'kumadzalemba madzulo za pamtima.

Analandira kalata yochenjeza. Tinagwirizana kuti kwa miyezi itatu buku lake lizionedwa madzulo aliwonse, ndipo iye yekha anapempha kuti m'mawa foni azisiya m'diloo ya woyang'anira, ili yoyatsa kuti akuchipatala kapena akunyumba athe kumupeza. Kampani inamupatsa ngongole ya pa malipiro yoti athane ndi akatapila, yodulidwa pang'onopang'ono malinga ndi mgwirizano umene anasainira. Woyang'anira depoti naye analandira kalata yochenjeza chifukwa cholanda foni. Abwana aakulu poyamba anakana zimenezi, akuti munthuyo ankateteza katundu wa kampani. Ndinaumirira, chifukwa ogwira ntchito akanaona kuti lamulo limaluma wamng'ono yekha, chilichonse chimene tikanalemba pambuyo pake sakanachikhulupirira.

Zimene tinasintha

Lamulo latsopano tinalilemba pamodzi ndi nthumwi za ogwira ntchito, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo linakwana tsamba limodzi. Liwu loti Facebook mulibemo.

Kampani inagula mafoni ndi manambala akeake a ogulitsa ndi a madepoti, n'kuikamo WhatsApp Business, ndipo bandulo imalipira ndi kampani. Makasitomala anauzidwa manambala atsopanowo. Izi zinathetsanso vuto limene abwana anali asanaliganize: wogulitsa akasiya ntchito ankapita ndi makasitomala onse m'thumba, pamodzi ndi zithunzi za malipiro awo. Popeza dziko lino tsopano lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe loona za mafoni ndi mawailesi la MACRA, kusunga zinthu za makasitomala m'mafoni a eni si nkhani yoti kampani n'kumaipeputsa.

Magulu tinawachepetsa. Latsala limodzi la zolengeza, momwe olemba ndi anthu awiri okha, ndipo likalira aliyense amadziwa kuti ndi za ntchito. La macheza, mavesi, mpira ndi zachisoni lilipobe, poti anthu ogwira ntchito limodzi amalirana maliro, koma kulowamo ndi kufuna kwa munthu ndipo aliyense ali ndi ufulu wolitseka kulira. Mitengo imatuluka papepala limodzi lotayipa, lokhala ndi deti ndi nambala, ndipo latsopano likatuluka lakale limafufutidwa. Oda ya pa uthenga wa mawu siyikwezedwa pa lole mpaka wolandira atailemba, kuibweza kwa wotumiza, iyeyo n'kuvomera kuti ndi momwemo.

Ku ofesi ya akaunti tinaika nthawi yachete, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Mafoni a eni amakhala m'zikwama osalira, ndipo munthu mmodzi, mosinthana, amagwira foni ya kampani n'kulemba zonse zobwera. Nambala ya ofesi anapatsidwa akusukulu ndi akunyumba kuti pakagwa zadzidzidzi aziimba pamenepo. Za geni ndi zocheza zili ndi nthawi yake: pa tiyi, pa nkhomaliro, ndi magetsi akazima ntchito itaimiratu. Munthu sayesedwanso ndi kuonedwa ali pa foni, koma ndi ntchito imene watulutsa: mainvoisi olondola, lipoti lofika pa deti, kasitomala woyankhidwa tsiku lomwelo.

Chovuta kuposa zonse chinali kuuza abwana aakulu kuti nawonso lamuloli likuwakhudza. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la ntchito limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo kuti munthu woyankha mauthenga 10 koloko usiku akugwira ntchito ngakhale ali pabedi. Ndinawauzanso kuti ku France, kuyambira mu 2017, makampani a anthu 50 kapena kuposa amayenera kukambirana ndi ogwira ntchito za ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito akaweruka. Anaseka n'kunena kuti kuno si ku France. Zoona si ku France, koma kalaliki wosagona amalakwitsa manambala kulikonse. Tinagwirizana kuti nthawi yoweruka ikakwana, nkhani yadzidzidzi aziimba foni, ndipo ina yonse izidikira m'mawa.

Mmene zinthu zinayendera

Nditabwerera nyengo yogulitsa itatha, mainvoisi obwezedwa chifukwa cha mtengo wolakwika anali atasowa pafupifupi, ndipo ndikukhulupirira kuti pepala la mitengo lokhala ndi deti ndilo linachita zambiri kuposa china chilichonse. Lipoti la katundu linayamba kufika pa nthawi yake. A mu akaunti anaikonda nthawi yachete mpaka anapempha kuti kumapeto kwa mwezi izifika 12 koloko. Kalaliki uja anamaliza miyezi itatu yake buku lili bwino, ndipo akugwirabe ntchito.

Sizonse zinatheka. Kumadepoti nthawi yachete inakanika, chifukwa malole ndi makasitomala amafika nthawi ina iliyonse, ndiye kumeneko tinangotsala ndi lamulo lolemba oda ndi kuibweza. Makasitomala ena akale amakanabe kusiya manambala a eni a ogulitsa amene anawazolowera, ndipo ogulitsawo amayenera kumasamutsira maoda pa foni ya kampani ndi manja. Geni ya padesiki inachepa koma sinathe, ndipo ndinalemba m'lipoti langa kwa abwana kuti siidzatha malipiro asanaunikidwenso. Nkhani imeneyo inapita kwa eni kampani. Mauthenga a usiku anasiya kwa kanthawi, kenako mitengo itayambanso kusintha anabwerera pang'ono, kotero nthumwi za ogwira ntchito zaiika nkhaniyi poyamba pa zokambirana za msonkhano wounika lamuloli, umene udzachitike malonda a feteleza wokulitsa asanayambe mu Okutobala.